Mudyetseni bwino wodwala schizophrenia, koma musamulande mankhwala ake

Malonda a mavitamini afika pakhomo pomwe sanayenera kufika. Kale ogulitsa mabotolowa ankasaka ofuna kuchepetsa thupi, ofuna mphamvu za m'banja ndi odwala shuga. Lero pa WhatsApp ndi pa Facebook akugogoda pa mabanja amene akusamalira munthu wodwala matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia, ndipo uthenga wawo ndi umodzi ngakhale mabotolo asiyane mtundu ndi mtengo. Amati mankhwala a kuchipatala akungofoola mwana wanu, vuto lake lenileni n'lakuti ubongo uli ndi njala, choncho mum'patse zachilengedwezi achire. Ena amanena poyera kuti mapiritsi a kuchipatala asiyidwe. Ena ochenjera sanena choncho, amangolonjeza kuti pakapita miyezi ingapo banja lidzaona lokha kuti mapiritsiwo sakufunikanso.

Ine ndikukana uthenga umenewu, ndipo ndikuukana mwamphamvu chifukwa ukhoza kuphetsa munthu. Komabe sindiutaya wonse kudzala ngati bodza lopanda pogwira. Muli kachoonadi m'kati mwake, ndipo kachoonadi kameneka kamatikhudza ife odya nsima ya chimanga kuposa anthu a ku Canada kumene nkhaniyi inayambira. Kuperewera kwa zakudya m'thupi kukhozadi kusokoneza mutu. Wodwala schizophrenia kawirikawiri amakhaladi wosadya mokwanira. Koma zimenezi sizitifikitsa ponena kuti botolo la mavitamini lingalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo zinthu zikavuta wovutika si wogulitsa ayi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Amakonda kuyamba munthu atangotha msinkhu kapena ali m'zaka za m'ma 20, nthawi imene akukonzekera mayeso a fomu 4, ali ku koleji kapena wangoyamba banja. Zizindikiro zake zina n'zaphokoso, zimene mudzi wonse umaziona: kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira kuti anthu akumulonda kapena akumuthirira chiphe m'chakudya, kulankhula zosalumikizana. Zina n'zachete, ndipo ndi zimene zimatopetsa banja zaka ndi zaka. Munthu amene anali wochangamuka amangokhala duu pakhonde, sasamba, sacheza, alibe chidwi ndi chilichonse. Mankhwala amene tili nawo amagwira bwino ntchito pa zizindikiro zaphokosozo. Pa zachetezo amathandiza pang'ono chabe, ndipo apa ndi pamene wogulitsa mavitamini amapezera polowera.

Tisamanamizane, mabanja amene amamvera ogulitsawa si opusa. Amene anaonapo m'bale wake ali pa chlorpromazine, amene ambiri amangoti CPZ, kapena haloperidol, kapena jakisoni wa mwezi ndi mwezi wa fluphenazine, akudziwa kuwawa kwake. Wodwala amagona usana wonse. Manja amanjenjemera, khosi limauma, dovu limatuluka, kuyenda kwake kumakhala kokwekwereza. Ena sakhazikika pansi, amangozungulirazungulira. Mankhwala atsopanoko monga risperidone ndi olanzapine amachepetsa zina mwa izi, koma amanenepetsa ndipo amatha kukweza shuga m'magazi. Mayi amene akuona mwana wawo ali choncho akamva kuti kuli njira ina yopanda mavuto amenewa, mtima wawo umathamangira komweko. Chowakoka ndi chikondi. N'chifukwa chake kuwakalipira sikuthandiza. Ayenera kuuzidwa nkhani yonse, kuyambira kumene inachokera.

Inachokera ku Saskatchewan, dera la minda ya tirigu m'dziko la Canada. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, madokotala awiri, Abram Hoffer ndi Humphry Osmond, anaganiza kuti matendawa amayamba chifukwa thupi la wodwala limapanga poizoni wina kuchokera ku adrenaline, madzi a m'thupi amene amathamangitsa mtima munthu akachita mantha, ndiponso kuti vitamini B3, wotchedwa niacin, angatseke njira yopangira poizoniyo. Mu 1952 anayamba kupatsa odwala magalamu 3 kapena kuposerapo a niacin tsiku lililonse. Thupi la munthu wamkulu limafuna mamiligalamu 14 mpaka 16 okha patsiku, ndiye kuti ankapereka mlingo woposa wofunikawo maulendo pafupifupi 200. Analengeza kuti odwala ambiri akupeza bwino. Tikumbukire kuti m'nthawiyo zipatala za odwala misala zinali malo ongotsekeramo anthu, ndipo chlorpromazine anali akungoyesedwa kumene ku Paris chaka chomwecho cha 1952. Madokotalawa sanali akuba. Ankafunafuna chothandiza pamene panalibe chilichonse chogwirika.

Mu 1968 Linus Pauling, katswiri wa sayansi amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, anaikira kumbuyo ganizoli, ndipo dzina lake linalipatsa ulemu waukulu. Koma bungwe la Canadian Mental Health Association linakonza kafukufuku wotsatizana, wotsogozedwa ndi Thomas Ban ndi Heinz Lehmann, woyerekeza odwala olandira niacin ndi olandira mapiritsi opanda mankhwala m'kati. Phindu silinaoneke. Mu 1973 bungwe la American Psychiatric Association linasanthula umboni wonse umene unalipo n'kunena kuti njirayi ilibe maziko. Hoffer anamwalira mu 2009 akukhulupirirabe ganizo lake, ndipo zambiri zimene zikuzungulira pa intaneti lero ndi mawu ake omwewo, ongotenthetsa.

Nanga n'chifukwa chiyani niacin anaoneka wodalirika chotero? Chifukwa chimodzi n'chakuti kuli matenda ena enieni amene amasokoneza mutu ndipo amachira ndi niacin. Dzina lake ndi pellagra. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zipatala za odwala misala kum'mwera kwa dziko la United States zinadzaza ndi anthu osauka amene chakudya chawo chinali chimanga m'mawa, masana ndi madzulo. Anthu ankati ndi mliri wopatsirana. Dokotala Joseph Goldberger, amene anayamba kufufuza mu 1914, anaona chinthu chapafupi: odwala a m'zipatalazo ankadwala pellagra koma anamwino owasamalira osadwala, ndipo chowasiyanitsa chinali mbale. Atawonjezera mkaka, nyama ndi nyemba pa chakudya cha odwala, matendawo anazimiririka. Mu 1937 Conrad Elvehjem anapeza kuti chosowacho ndi niacin. Chimanga chili naye niacin, koma ndi womangika mwa njira yoti thupi silitha kumutenga. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitaminiyu. Chimanga chinafika kuno ku Africa popanda luso limeneli.

Kwa ife nkhaniyi si ya m'mabuku. Mu 1990, pamene Malawi ankasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, m'misasa ya m'chigawo cha kum'mwera munabuka pellagra ndipo anthu oposa 17,000 anadwala m'miyezi yowerengeka. Chimene chinachitika n'chakuti mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi chimanga unasiya kubwera, anthu n'kutsala ndi nsima ndi tinyemba. Mtedza utabwerera ndi mapiritsi a vitamini B atagawidwa, mliriwo unatha. Posachedwapanso, kuyambira mu 2017 pamene anthu ambiri amene ali ndi HIV anayamba kulandira isoniazid woteteza ku chifuwa chachikulu, odwala pellagra anachuluka m'maboma ena a kum'mwera, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022 anaonetsa kugwirizana kwa ziwirizi. Isoniazid amadya vitamini B6, amene thupi limamufuna popanga niacin wake. Yankho lake si kusiya isoniazid panokha, koma kuthamangira kuchipatala khungu likayamba kusintha. Omwa kachasu tsiku ndi tsiku osadya nawonso ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa mowa umalepheretsa matumbo kutenga mavitamini a gulu la B.

Choncho ndikamati njala ikhoza kusokoneza mutu, sindikulankhula mophiphiritsa. Munthu wa pellagra khungu lake limada ndi kusweka malo amene dzuwa limawomba, kumsana kwa manja, kumapazi, ndi kuzungulira khosi ngati wavala mkanda. Lilime limafiira ndi kuwawa, amatsegula m'mimba, kenako amayamba kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kusadziwa kumene ali, ngakhale kuona zinthu zimene palibe. Akapanda kuthandizidwa amafa. Akalandira nicotinamide, amene ndi mtundu wina wa niacin, kuchipatala, mutu umayamba kubwerera m'masiku ochepa. Kuperewera kwa vitamini B12 nakonso kumatha kusokoneza maganizo. Pamenepa vitamini ndi mankhwala enieni, ndipo wachipatala amene sayang'ana khungu, lilime ndi magazi a munthu wobwera atasokonezeka akulakwitsa kwambiri, monganso amene saganizira za malungo a mu ubongo, chindoko, HIV, khunyu kapena chamba.

Koma pellagra si schizophrenia. Wodwala schizophrenia nthawi zambiri amadziwa tsiku, amadziwa kumene ali, amazindikira abale ake. Chimene chasokonekera ndi mmene akumasulira zimene zikumuchitikira. Mukhoza kumudzaza niacin mpaka khungu kufiira, mawu aja adzapitirira kumulankhula. Vitamini amachiza pamene vitaminiyo waperewera. Pamene sanaperewere, wowonjezerayo amangotuluka ndi mkodzo kapena kuunjikana m'thupi n'kuyamba kuwononga.

Chovuta n'chakuti matenda awiriwa akhoza kukhala mwa munthu mmodzi. Wodwala amene akukhulupirira kuti ndiwo zathiridwa chiphe amakana kudya masiku ambiri. Amene wathawa pakhomo n'kumayendayenda pamsika amadya zotola. Amene ali pakhomo koma banja latopa naye amapatsidwa nsima ndi timasamba pambali, nyama ikapezeka iye ndiye womalizira. Ambiri amasuta fodya kwambiri, ena amamwa mowa kuti mawu aja achepe. Munthu wotere ndi woperewera zakudya ndithu, ndipo kumubwezeretsera zimene zikusowa ndi mbali ya chithandizo chake. Apa ogulitsa ndi ine tikuloza bala limodzi. Tikusiyana pa chopakapo.

Akatswiri sanaitaye nkhani ya mavitamini mu 1973. Anapitiriza kufufuza, mosamala kuposa kale. Mu 2013 gulu lotsogozedwa ndi Joshua Roffman ku Boston linapatsa odwala 140 folic acid, amene ndi vitamini wa gulu la B wotchedwanso folate, ndi vitamini B12, kapena mapiritsi opanda mankhwala, kwa milungu 16. Zizindikiro zachete zija zinachepako pang'ono, koma makamaka mwa anthu amene chibadwa chawo chimathandiza thupi kutenga bwino folate. Mu 2017 Joseph Firth ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 18 zokhudza odwala 832 ndipo anapeza kuti mavitamini a gulu la B akhoza kuchepetsako zizindikiro, ngakhale zofufuzazo zinali zazing'ono ndi zosafanana. Nkhaniyi inafalikira m'manyuzipepala ambiri ndipo ogulitsa amaikonda. Samatchula kawirikawiri zimene zinatsatira. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, achinyamata 120 amene anali atangodwala koyamba anapatsidwa B6, B12 ndi folic acid kwa milungu 12, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti zizindikiro za matenda sizinasiyane ndi za amene sanalandire. Ku England, mu 2021, odwala 149 anayesedwa ndi vitamini D wamlingo waukulu kwa miyezi 6, ndipo maganizo awo sanasinthe.

Kafukufuku wa ku England uja ali ndi phunziro kwa abale athu okhala ku London, Leeds kapena Glasgow. Odwala atatu mwa anayi alionse anapezeka ndi vitamini D wochepa, ndipo mwa anthu akhungu lakuda ndi a mitundu ina yochepa chiwerengero chinaposa 9 mwa 10 alionse. Dzuwa la kumeneko silikwanira khungu lathu, ndipo a zaumoyo ku Britain amalangiza anthu akhungu lakuda kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse. Wodwala wathu ali kumeneko amwe ndithu, chifukwa cha mafupa ndi minofu yake. Asayembekezere kuti mawu aja aleka chifukwa cha zimenezo.

Tsopano pali mfundo imodzi imene ndikufuna aliyense wowerenga aigwiritse. M'zofufuza zonse ndatchulazi, zimene zinapeza phindu ndi zimene sizinapeze, odwala anali akulandira chithandizo chawo cha kuchipatala. Mavitamini anali owonjezera pamwamba. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa akatswiriwa amene anasiyitsa odwala mankhwala kuti awapatse folic acid. Wogulitsa akakuonetsani pepala la kafukufuku pafoni n'kunena kuti sayansi yatsimikiza, akugwiritsa ntchito umboni wa chinthu china kugulitsa chinthu china.

Ndipo za kusiya mankhwala tili ndi manambala omveka. Mu 2012 Stefan Leucht ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 65 zokhudza odwala oposa 6,000 amene anali atapeza bwino. Mwa amene anapitiriza mankhwala, 27 mwa 100 alionse anadwalanso chaka chisanathe. Mwa amene anasinthidwira ku mapiritsi opanda mankhwala, anadwalanso 64 mwa 100 alionse. Kudwalanso kumeneku si nkhani yaing'ono kwathu kuno. Ndi mnyamata womangidwa zingwe kapena unyolo, wokwezedwa pagalimoto ya hayala ulendo wa kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kwa St John of God ku Mzuzu kapena ku Chainama mu Lusaka. Ndi ntchito yotha, sukulu yoduka, banja losweka, nthawi zina kumenyedwa ndi gulu la anthu omuyesa mbava usiku, nthawi zina kudzipha. Ndipo kawirikawiri matendawa akabwerezabwereza, kubwerera pamene munthu anali kumavutirapo. Choipitsitsa n'chakuti munthu akasiya mankhwala sadwala tsiku lomwelo. Milungu yoyamba amaoneka wochangamuka chifukwa tulo ndi kuuma kuja zachoka. Banja limayamika botolo, umboni umajambulidwa n'kutumizidwa m'magulu. Pakapita miyezi itatu kapena isanu matenda abwerera, palibe amene amajambula.

Chigawo chino cha Africa chinaonapo kale zoterezi. Matthias Rath, dokotala wa ku Germany amene anagwirapo ntchito ndi Linus Pauling yemwe uja, anafika ku South Africa n'kumafalitsa kuti mavitamini ake angagonjetse AIDS ndiponso kuti ma ARV ndi poizoni. Ankagawa mabotolo ku Khayelitsha mu Cape Town, ndipo anthu ena amene anamukhulupirira anamwalira. Bungwe la Treatment Action Campaign ndi bungwe la madokotala a m'dzikomo anamutengera kukhoti, ndipo mu 2008 khoti lalikulu ku Cape Town linaletsa zoyesa zake zosavomerezeka ndi malonda onena kuti mavitaminiwo amachiza AIDS. Lero ndi ochepa amene angayerekeze kuuza munthu poyera kuti asiye ma ARV amwe mavitamini. Odwala matenda a maganizo alibe gulu lamphamvu lotero lowalankhulira, n'chifukwa chake zimene zinakanidwa pa HIV zikunenedwa momasuka pa iwo.

Mawu akuti zachilengedwe nawonso amagonetsa anthu tulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Niacin wamlingo wa magalamu amatentha ndi kuyabwitsa khungu, amakweza shuga m'magazi ndipo amatha kuwononga chiwindi. Ganizirani zimenezi mwa munthu amene ali kale pa olanzapine wokweza shuga, kapena amene akumwanso mankhwala a chifuwa chachikulu olemetsa chiwindi chomwecho. Vitamini B6 wochuluka, akamwedwa nthawi yaitali, amawononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, munthu n'kumamva dzanzi ndi kulephera kuyenda bwino. Vitamini D wopitirira muyezo amaunjika calcium m'magazi n'kuvulaza impso. Folic acid wochuluka amabisa kuperewera kwa B12 pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka. Ndipo mabotolo ambiri obwera m'zikwama kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai amasakaniza mavitamini ndi zitsamba zimene zimatha kulimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa ngati chothandiza maganizo, chimafooketsa mphamvu ya mankhwala ambiri, kuphatikizapo ma ARV ena ndi mapiritsi olera.

Wina anena kuti iye sakusiyitsa mankhwala, akungowonjezera botolo la mavitamini wamba, nanga cholakwika n'chiyani. Ngati ndi mlingo wamba ndipo achipatala akudziwa, choopsa n'chochepa, ndipo sindingamuweruze. Koma ndimufunsa za ndalama. M'mabanja ambiri amene akusamalira wodwala wotere, wodwalayo sagwira ntchito ndipo womusamalira nayenso wasiya geni kapena wachepetsa kumunda. Kwacha iliyonse ili ndi ntchito kale. Ndalama ya botolo limodzi la kampani zogulitsa mwa unyolo ikanatha kulipira thiransipoti yopita kukabayitsa jakisoni miyezi ingapo, ndipo kusowa thiransipoti ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene odwala amadumphira mankhwala. Ikanathanso kugula zakudya zimene zili ndi mavitamini omwewo. Mtedza, kaya wokazinga kaya nsinjiro m'ndiwo, ndi nkhokwe ya niacin. Usipa, matemba, mazira, chiwindi ndi mkaka zili ndi B12, amene sapezeka m'masamba. Nyemba, khobwe, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zili ndi folate, bola zisaphikidwe mpaka kufa ndi soda wambiri. Mgaiwa umasunga zambiri zimene ufa woyera umataya pokonola ndi ponyika. Lamulo lakuti ufa wogayidwa m'mafakitale uwonjezeredwe mavitamini lilipo, koma ambirife ufa wathu umachokera kuchigayo cha pamudzi kumene lamulolo silifika.

Kudya bwino kuli ndi phindu lina limene ogulitsa salitchula chifukwa siligulitsa botolo. Odwala schizophrenia amafa msanga kuposa anthu ena, zaka 10 mpaka 20, ndipo chowapha kwambiri ndi matenda a m'thupi: mtima, shuga, kuthamanga kwa magazi, chifuwa chachikulu. Banja limene likuchepetsa shuga m'tiyi wa wodwala, kumuthandiza kusiya fodya ndi chamba, kupita naye kudimba kuti thupi ligwire ntchito, ndi kudya naye mbale imodzi m'malo momupatulira, likumutalikitsira moyo. Kudya naye limodziko kumathandizanso wodwala amene akuopa chiphe, chifukwa akuona ndi maso ake kuti enanso akutapa pomwepo.

Ngati pali pamene umboni wogwirizanitsa chakudya ndi schizophrenia uli wolimba, ndi munthu asanabadwe. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatsekereza chakudya kumadzulo kwa dziko la Netherlands, kunagwa njala yoopsa. Patapita zaka zambiri akatswiri anapeza kuti ana amene mimba zawo zinayamba njalayo ili pachimake anadzadwala schizophrenia kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ena. Zofananazo zinapezeka mwa obadwa m'njala ya ku China ya 1959 mpaka 1961. Dziko la Malawi, limene linaona njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo limaona miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zili pululu chaka ndi chaka, liyenera kumva nkhaniyi ndi makutu onse. Mayi woyembekezera kuyamba sikelo msanga, kumwa mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi folic acid amene amaperekedwa ulere, ndi kupatsidwa gawo labwino la ndiwo pakhomo, n'zimene ndingaikepo ndalama ya boma ndi ya banja ndisanaganize za botolo la wodwala wa zaka 30.

Achipatala nawo ali ndi mlandu woti ayankhe, chifukwa wogulitsa amakolola pamene iwo asiya mpata. Wodwala akadandaula za kuuma khosi ndi tulo n'kungouzidwa kuti apitirize kumwa, popanda kumufotokozera kanthu, tsiku lina adzasiya. Komatu njira zilipo. Mlingo ukhoza kutsitsidwa mosamala, mapiritsi amene akumubweretsera tulo akhoza kumwedwa usiku, benzhexol amachepetsa kuuma ndi kunjenjemera, ndipo mankhwala ena akakanika akhoza kusinthidwa. Kumupima thupi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuyenera kukhala chizolowezi, osati mwayi. Amene wapatsidwa metformin chifukwa cha shuga kapena kunenepa azikumbukiridwa kuti mankhwalawa, akamwedwa zaka zambiri, amatsitsa B12. Ndipo palibe chimene chimagwetsa ulesi banja kuposa kuyenda mtunda wautali n'kukauzidwa kuti jakisoni watha, mubwere mwezi wamawa. Amene abwerera chimanjamanja kawiri katatu, wa mabotolo akawapeza amawapeza atatseguka kale mtima.

Kwa inu amene muli kale ndi botolo m'nyumba, musalibise ndipo musachite manyazi. Pitani nalo pa tsiku lokaonana ndi achipatala, aone dzina lake ndi mlingo wake, muwauzenso mankhwala ena onse amene wodwala akumwa, ngakhale a kwa asing'anga. Afunseni ngati pali chizindikiro chakuti m'bale wanu akuperewera vitamini wina, ndipo ngati alipo, akupatseni woyenera pa mlingo woyenera. Nicotinamide, pyridoxine (vitamini B6), folic acid ndi vitamini B wosakaniza ndi mankhwala otchipa amene amadziwika bwino m'zipatala zathu, safuna kampani ya kunja. Ngati mankhwala akumuzunza, nenani mosabisa ndi mobwerezabwereza kufikira wina amve, koma asasiye mwadzidzidzi payekha.

Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ku Malawi ndi la ZAMRA ku Zambia anakhazikitsidwa kuti ateteze anthu ku mankhwala osayenera ndi malonda onama a mankhwala. Munthu amene akulemba pa Facebook kuti botolo lake limachiza schizophrenia akulengeza za mankhwala, ngakhale pa botolopo palembedwe kuti ndi chakudya chowonjezera. Nambala yake ya foni ili pomwepo pansi pa chithunzi. Mabungwewa amuitanitse aonetse umboni, ndipo akalephera malondawo achotsedwe, monga khoti la ku Cape Town linachitira mu 2008.